Mwana wanga ndi wochenjera koma kuwerenga kwamukanika, ndimuthandize bwanji pakhomo?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Ulongwe m'boma la Angonia. Mwana wanga wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 9, ali kalasi yachitatu. Pa zina zonse ndi wochangamuka: tikamagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, chenji amawerengera ndi iyeyo, ndipo tcheni cha njinga chikaduka amalumikiza yekha. Koma mukamupatsa buku amangoti kakasi. Amasokoneza b ndi d, ndipo mawu amene wawerenga pamzere woyamba akawapezanso pamzere wachitatu amakhala ngati sanawaonepo. Mlongo wake wa kalasi yoyamba wayamba kumupitirira. Bambo ake akuti ndi ulesi ndipo amamukwapula, agogo ake akuti pali dzanja la munthu. Aphunzitsi anatchulapo mawu oti dislexia koma sanafotokoze. Bambo akewo nawonso sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha kuwerenga komweku. Ine ndinalekezera kalasi yachisanu. Ndingachitepo chiyani pakhomo?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi chimene sichingadikire: mkwapulo uleke lero lomwe. Mwana waulesi amathawa ntchito iliyonse, koma wanuyu akuwerengera chenji pamsika ndi kukonza njinga popanda womutuma. Chimene akuthawa ndi chimodzi chokha, chomwe chimamuchititsa manyazi tsiku ndi tsiku pamaso pa anzake. Mukawonjezerapo ndodo, akangoona buku mtima umayamba kugunda, ndipo mwana wamantha sagwira kanthu m'mutu. Ndikudziwa kuti kuuza bambo a m'nyumba zimenezi si kophweka. Koma mwanena nokha kuti iwonso kuwerenga kunawasautsa. Mutawakumbutsa mwaulemu, ana atagona, mmene zinkawawira aphunzitsi akawaimiritsa kuti awerenge, angamve msanga kuposa mmene angandimvere ine.

Tisanafike pa dislexia, pali zinthu zina zimene zimalepheretsa ana ambiri kuno kwathu, ndipo ndi bwino kuzichotsa kaye panjira.

Chachikulu ndi chilankhulo. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi pa anthu asanu alionse m'Mozambique muno. M'midzi ya ku Angonia, Tsangano kapena Macanga, mwana amafika pasukulu akulankhula Chichewa chothyakuka, nkusenzetsedwa ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuphunzira chilankhulo chachilendo, ndi kuphunzira kuwerenga m'chilankhulo chomwecho. Ambiri amene timati sadziwa kuwerenga, vuto lawo lagona pamenepa. Boma linaliona kale. Pakati pa 1993 ndi 1997 linayesa pulogalamu ya PEBIMO yoyambitsa ana kuwerenga m'chilankhulo cha kwawo, ndipo zigawo zimene anayeserako zinali Gaza ndi Tete wathu yemweyu, kuno m'Chinyanja. Kuyambira 2003 makalasi a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma, ngakhale si zonse. Simunanene ngati mnyamata wanu ali m'kalasi yotere. Kafunseni a mkulu wa sukulu ngati ilipo pafupi.

Kenako makutu ndi maso. Mwana amene khutu limatuluka mafinya kawirikawiri amaphonya timaliwu tating'ono m'mawu, ndipo ndi tomweto timene kuwerenga kumadalira. Imani kumbuyo kwake mapazi angapo, munong'one mawu, iye awabwereze. Yang'ananinso ngati amatsinzinira poona bolodi, kapena kuyandikitsa buku pamphuno. Ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena amagwa khunyu, kapena nthawi zina amangoyang'ana kumodzi osamva mukamuitana, zimenezo kazinenedwe kuchipatala. Ndipo werengani masiku amene amajomba nyengo ya kupalira, yokumba mbatata ndi yoweta ng'ombe. Wophonya milungu imene anzake ankaphunzira zilembo amatsala ndi mpata umene m'kalasi ya ana ochuluka palibe woutseka.

Komabe m'kalata yanu muli zinthu zitatu zimene zikundikokera ku mawu a aphunzitsi aja. Mlongo wake akudya m'mbale imodzi ndi iye, akulankhula chilankhulo chomwecho, koma akumupitirira. Mawu amene wangowerenga kumene sakhazikika. Ndipo bambo ake anali chimodzimodzi.

Dislexia ndi vuto la mmene ubongo umagwirira maliwu a m'mawu. Tikamalankhula, mawu oti "mutu" amatuluka ngati chinthu chimodzi. Kuti mwana awawerenge ayenera kuzindikira kuti muli zidutswa ziwiri, mu ndi tu, kuti m'chidutswa cha mu muli m ndi u, kenako kulumikiza liwu lililonse ndi lembo lake, mobwerezabwereza mpaka zizichitika zokha osaganizira. Ana ambiri amafikapo atabwereza kangapo. Mwana wa dislexia khutu lake limamva bwinobwino, koma kugawa mawu m'zidutswa ndi kumata zidutswazo pa zilembo kumamutengera kubwereza kochuluka zedi. N'chifukwa chake pamzere wachitatu amayambiranso pachiyambi: mawuwo anawalimbana nawo, koma sanasungike.

Nzeru sizikhudzidwa. M'chaka cha 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 amene masamu ankakhoza koma kuwerenga kunkamukanika, ndipo aphunzitsi ake ankati akanaposa ana onse pasukulupo maphunziro akanakhala apakamwa pokha. Madokotala a nthawi imeneyo ankaganiza kuti vuto lili pa kaonedwe ka mawu, ndipo maganizo amenewo akadalipo pakati pa anthu, koma kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti muzu wake uli pa maliwu. Za b ndi d musade nazo nkhawa kwambiri pazokha. Khasu likaloza kumanzere kapena kumanja ndi khasu ndithu, ndipo mwana wakula akudziwa choncho pa chinthu chilichonse. Zilembo zokha ndi zimene zimasintha dzina zikatembenuka. Ana ambiri amazisokoneza mpaka zaka 7 kapena 8. Pa zaka 9 chimenechi chikungoonetsa kuti zilembozo sizinakhazikike.

Akatswiri ambiri amati ana 5 mpaka 10 pa ana 100 alionse ali ndi vutoli, ndipo limayenda m'magazi: kholo likakhala nalo, mpata woti mwana akhale nalo umakula kwambiri. Agogo muwauze mofatsa kuti ana otere aliko ku Lisboa, ku London, ku Maputo, m'mabanja a anthu olemera ndi osauka omwe. Palibe amene wamuchita chipongwe mdzukulu wawo.

Tsono nayi nkhani yokoma. Chichewa chimalembedwa pafupifupi mmene chimamvekera. Malembo a liwu ndi asanu okha, a e i o u, ndipo sasintha mamvekedwe. Maphatikizo athu pafupifupi onse amathera pa lembo la liwu: ma, ku, nyu, mba. Mu 2001 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Eraldo Paulesu linayerekeza anthu a dislexia a ku England, France ndi Italy. Ubongo wawo unkaonetsa vuto lofanana, koma a ku Italy ankawerenga molondola kuposa anzawo, chifukwa Chitaliyana chimalembedwa mmene chimamvekera. Chichewa chili mbali yomweyo. Langizo langa lalikulu ndi ili: pakhomo muphunzitseni kuwerenga m'Chichewa, ngakhale kusukulu akuphunzira m'Chipwitikizi. Simukumubweza m'mbuyo. Luso lolumikiza liwu ndi lembo munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amapita nalo ku chilankhulo chachiwiri.

Yambani ndi khutu, buku lili potero. Izi mungachite mukusenda mbatata kapena muli panjira ya kuchigayo, ndipo ngakhale agogo angathandize. Tchulani mawu, muwombe m'manja pa phatikizo lililonse: nyu-mba, kawiri, chi-ma-nga, katatu. Akazolowera mufunseni: "Chimanga, tikachotsa chi, patsala chiyani?" Ayankhe kuti manga. "Galu, tikachotsa ga nkuikapo bu?" Bulu. "Tchula zinthu za m'nyumba muno zoyamba ndi m." Masewera aja ana amatembenuza mawu kuti akuluakulu asamve, mwana kukhala namwa, ndi mankhwala enieni pa vutoli, musawaletse. Pomwepa mudzaonanso chinthu china. Ngati mafunso awa, a m'chilankhulo chake, popanda cholembedwa chilichonse, akumuvuta pamene mlongo wake akuyankha mosachedwa, ndiye kuti vuto si Chipwitikizi chokha.

Kenako zilembo, koma pang'onopang'ono. Musayambe ndi kuimba a, be, ce mpaka kumapeto. Nyimbo imeneyo ana amailoweza osadziwa lembo ndi limodzi lomwe. Tengani malembo a liwu asanu aja, muwonjezere m. Muphunzitseni liwu lake, mmm, osati dzina lake la eme, chifukwa mwana amene waloweza eme ndi a amavutika kumva kuti pamodzi zikupanga ma. Dulani katoni m'tizidutswa, kapena tolani zitsekerero za mabotolo, mulembe lembo limodzi pa chilichonse. Ikani m kumanzere, a kumanja, muzisendeza pang'onopang'ono mukukoka liwu: mmm...a, ma. Chotsani a, ikani u. Achite yekha ndi manja ake. Zikakhazikika onjezani t, kenako n, k, l, lembo latsopano limodzi kapena awiri pa mlungu, ndipo tsiku lililonse muyambe ndi kubwereza akale.

Ndi zilembo khumi zokhazi mwana angawerenge kale mawu enieni: moto, mutu, mano, ana, atate, kalulu. Angawerengenso chiganizo chathunthu: "Kalulu ali mu una." "Ana alima." Mulembereni ziganizo zotere m'kope lakelake, zilembo zikuluzikulu, mizere yotalikirana, ndipo musaikemo lembo limene simunamuphunzitse. Ichi n'chofunika kwambiri. Mwana amene wakhala zaka zitatu akulephera amayamba kulosera: akaona lembo loyamba kapena chithunzi amangoponya mawu alionse. Mukamupatsa zimene angathe kuzimasula yekha kuyambira kumanzere mpaka kumanja, chizolowezi cholosera chimatha, ndipo amalawa koyamba kukoma kowerenga chinthu popanda womuuza.

Dzanja lithandize diso ndi khutu. Alembe lembo pa dothi ndi chala, lalikulu, akutchula liwu lake mokweza. Aliumbe ndi dongo lomwe amaumbira ng'ombe. Mulilembe pamsana pake ndi chala, iye alitchule. Njira yophatikiza kuona, kumva ndi kukhudza imeneyi anaikhazikitsa Samuel Orton ndi Anna Gillingham ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo aphunzitsi a ana a dislexia akuigwiritsabe ntchito. Mphamvu yake yeniyeni ili pa dongosolo ndi kubwereza, dongolo limangothandiza kuti mwana asatope. Pa b ndi d, musawaphunzitse mlungu umodzi. Yambani ndi b yekha, nthawi zonse alembe ndodo kaye kenako mimba, akunena kuti bala, bowa, bulu. Patapita milungu, d abwere ndi kalembedwe kena: mimba kaye, ndodo pambuyo.

Pamene ana athu amapunthwa kwambiri ndi pa zilembo zoyenda ziwiriziwiri kapena zitatu: ph, th, kh, ny, mb, nd, ng', nkh, mph. Zimenezi muzilembe pa kachidutswa kamodzi, aziona ngati chinthu chimodzi. Gwiritsani mawu apawiri osiyana pang'ono: pala ndi phala, kola ndi khola, tumba ndi thumba. Aike dzanja patsogolo pa kamwa, amve mpweya ukutuluka pa phala koma osatuluka pa pala, ndipo muuzeni kuti h ndiye chizindikiro cha mpweyawo. Dziwaninso kuti mabuku a Chinyanja a m'sukulu za kuno amalemba c pamene zolembedwa za ku Malawi zimalemba ch, cimanga ndi chimanga. Popeza Dedza ndi pafupi, zonse ziwiri adzakumana nazo. Sankhani kalembedwe ka kusukulu kwake, pambuyo pake mudzamuonetse kalembedwe kena kaja.

Nthawi yake ikhale yochepa: mphindi 15 kapena 20 patsiku, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa mlungu, kuli kowala, atadya. Ola lathunthu Loweruka lokha silifanana ndi pang'ono tsiku lililonse. Musamuphunzitse pamaso pa mlongo wake kapena alendo. Akakakamira pa mawu, werengani chamumtima mpaka 5 musanalowerere. Akalephera, lozani phatikizo loyamba, amange kuchokera pamenepo. Akalepheranso, muuzeni mawuwo, awabwereze, mupitirire. Akalakwitsa nkudzikonza yekha, pamenepo ndiye poyamikira, ndipo munene chimene mwayamikira: "Waona kuti sizikumveka, wabwerera wekha." Tsiku lililonse mutsirize ndi chinthu chimene akuchitha. Mukamva kuti mtima wanu wayamba kutentha, tsekani kope, mawa ndi tsiku.

Kuwerenga kukayamba kugwira, vuto limene limatsala kwa ana a dislexia m'zilankhulo ngati chathuchi ndi liwiro. Amawerenga molondola koma mokoka, mpaka pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi. Mankhwala ake ndi kubwereza ndime imodzi yaifupi katatu kapena kanayi: inu muwerenge kaye iye akutsatira ndi chala, kenako pamodzi, kenako yekha. Ngati muli ndi foni, mujambuleni mawu tsiku loyamba ndi tsiku lachinayi, adzimvere yekha kusiyana kwake. Zowerenga zabwino koposa ndi nkhani zake zomwe. Akusimbireni za njinga kapena za kumsika, inu mulembe m'ziganizo zinayi zosavuta, mawa aziwerenge. Ndipo musaleke kumuwerengera mokweza zinthu zimene payekha sangazithe, kaya ndi Baibulo, kaya buku la kusukulu, ndi kumusimbira nthano. Anzake akudziwa mawu atsopano kudzera m'mabuku, iye awapezere m'khutu kuti asatsalire pawiri.

Kalasi yachisanu imene munalekezera ikukwanira pa zonse ndanenazi. Mukatanganidwa, msuweni wake wamkulu woleza mtima angagwire ntchitoyi, bola atsate dongosolo lomwelo.

Chipwitikizi musachitaye. Pakamwa chizipitirira tsiku lililonse: mayina a zinthu, moni, kuwerenga manambala, kumvera wailesi. Akayamba kuwerenga ziganizo za Chichewa mosadodoma, muwolotseni ndi mawu amene zilembo zake zimamveka ngati zathu, monga bola, pato, mala. Zikatero muonetseni poyera, chimodzichimodzi, pamene zilankhulo ziwirizi zimasiyana, chifukwa payekha sadzazitulukira. Ny wathu iwo amalemba nh, monga mu galinha. Ch wawo amamveka sh, monga mu chuva. C amamveka k mu casa koma s mu cebola. Mu queijo, u samveka. Palinso l ndi r: kwa ife kusinthanitsa malembo awiriwa sikusintha tanthauzo, koma m'Chipwitikizi caro ndi calo ndi mawu awiri osiyana. Mwana wolankhula Chichewa akalemba l m'malo mwa r, chimenecho si dislexia, ndi lilime la kwawo, ndipo chimafuna kuphunzitsidwa mwapadera.

Aphunzitsi aja amene anatchula dislexia ndi munthu wofunika, chifukwa anamuyang'anitsitsa mwana wanu pakati pa gulu. Apezeni pa nthawi yopuma, osati pamsonkhano wa makolo onse. Apempheni zinthu zosalira ndalama: mwana akhale kutsogolo, asamuimiritse mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake, koma amuuziretu ndime yoti akakonzekere kunyumba, pomuyesa azimufunsanso pakamwa, amupatse nthawi yowonjezera pokopera za pabolodi, ndipo asamulange chifukwa cha zilembo zolakwika. Afunseninso zilembo zimene akuphunzitsa mlungu umenewo. Nkhani yobwereza kalasi ikadzabuka, funso lanu likhale lakuti chaka chachiwiricho adzaphunzitsidwa mosiyana bwanji, chifukwa kubwereza njira yomwe inalephera kale sikuthandiza mwana wotere.

Musataye ndalama za mbatata pa mapiritsi kapena zakumwa zimene amati zimatsegula ubongo, ngakhale kutemera mphini. Dislexia ilibe mankhwala akumwa, ndipo siipezeka poyeza magazi. Magalasi amathandiza mwana amene maso ake ali ndi vuto, koma sachiza dislexia. Mabungwe a madokotala a ana ndi a maso ku America ananena poyera mu 2009 kuti magalasi amitundu ndi masewera olimbitsa maso alibe umboni woti amathandiza pa vutoli.

Ndisakunamizeni, dislexia siitha ngati chimfine. Mwana wanu adzawerenga, koma mwina adzakhala wowerenga mofatsa moyo wake wonse, ndipo kalembedwe ka mawu a Chipwitikizi kadzamuvutabe. Zaka 9 si mochedwa, kungoti zidzafuna kubwereza kochuluka kuposa akanayamba ali ndi zaka 6. Iye mwini mumuuze zoona m'mawu osavuta: kuti mutu wake ndi wabwino, kuti umagwira zilembo mochedwa monga zinalili ndi bambo ake, ndipo kuti pali njira yake. Chenji cha pamsika chija apitirize kuwerengera, ndipo muzimuyamikira anthu akumva.

Kumapeto kwa kope muzilemba tsiku ndi zilembo zimene wazidziwa. Pakatha miyezi itatu mukuchita zimenezi mosadumphadumpha, muyenera kuona kuti zilembo khumi zoyamba zija akuzitchula osaganizira, ndipo akumasula mawu a maphatikizo awiri amene sanawaonepo. Zikatero pitirizani momwemo. Ngati palibe kusintha, makutu ndi maso atayezedwa kale, tengani kopelo pamodzi ndi kalata ya aphunzitsi mupite ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, SDEJT, mukafunse amene amayang'anira maphunziro a ana ofuna chithandizo chapadera. Ku Tete kuli amodzi mwa malo atatu a CREI m'dziko muno, othandiza ana otere, ena ali ku Gaza ndi ku Nampula, ndipo a ku ofesiko angakulozereni njira yofikira kumeneko kapena kwa katswiri wa za maganizo kuchipatala chachikulu. Kopelo lidzawathandiza kwambiri, chifukwa lidzaonetsa zimene mwana waphunzitsidwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi pamene penipeni akukakamira.